Nyama Yoyamwitsa ya Pansi pa Mkuyu

Pali nkhani imene ndakhala nayo pamtima chaka chathunthu ndi miyezi, ndipo ngakhale bambo a mwana wanga, amene timafunda bulangete limodzi, sakuidziwa. Lero ndatopa nayo, ndiye ndiitula kwa inu. Chilombo chija chinamveka cha ku Njombwa, chimene chinathawitsa amuna a ndevu zawo m'mbali mwa mtsinje mpaka kusiya makeni othirira m'matope, ndine. Ine ndemwe, mayi wa mwana mmodzi, wa satifiketi yanga ya kukoleji, munthu woti ndikaona nalimata pakhoma ndimaitana aneba.

Ndiyambe poyambira. Mwana wanga Yankho ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinapeza ntchito ku kakampani kena kolangiza za chilengedwe. Kampaniyo inali itatha kale chaka pa esiteti ina ya fodya, kuyesa kudzutsa kamtsinje kodutsa m'minda kupita ku Bua. Kamtsinjeko kanali katatopa. Chaka ndi chaka matenanti ankalima nazale mpaka m'mphepete mwenimweni, poti keni ya madzi imalemera ndipo palibe amafuna kuyenda nayo mtunda. Mitengo inathera ku zigafa, mchenga n'kukwirira maiwe. Ntchito yathu inali kubzala mitengo ya katope ndi mikuyu, kusiya bango kuti limere, ndi kutchera makamera m'mitengo kuti tione ngati nyama zayamba kubwerera. Makamera ake ndi aja ojambula okha: chilichonse chodutsa patsogolo pake, kaya gwape kaya nkhuku yosochera, chajambulidwa basi, mwakachetechete.

Abwana anga anali a Gondwe, bambo a kumpoto, ofatsa, amene mumtima mwawo munkakhala nyama imodzi yokha: katumbu. "Amama, katumbu sanama," ankatero. "Akabwera, dziwani kuti nsomba zilimo, nkhanu zilimo, madzi achira." Iwo ankakhala ku Lilongwe n'kumabwera mwa apo ndi apo. Maso awo ndinali ine: m'mawa pa njinga yamoto kuchoka pa boma, madzulo kubwerera. Anandisiyira malamulo awiri. Loyamba: potchera kamera, uziganiza ngati nyama. Nyama imafuna pamthunzi, pobisika, pafupi ndi madzi. Lachiwiri: chithunzi sichifufutidwa. Chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo chilichonse chizilembedwa pa fomu, kuti ndi nyama yanji, zingati, yaimuna kapena yaikazi, ikutani. Nambala ikadumpha, iwo adziwa. (Anandisiyiranso kabuku ka malangizo. Ndinawerenga masamba anayi oyamba, Yankho n'kuyamba kukatafuna, ine n'kukaponya pamwamba pa kabati. Kabuku kameneka musakaiwale.)

Kamera nambala folo ndinaimanga ndekha pa chitsa, moyang'anizana ndi mkuyu waukulu, pamalo pamene bango lazungulira ngati bafa. Ndinaibisa ndi masamba ndi matope mpaka a Gondwe anandiyamikira. "Iyi ngakhale mwini wake sangaione," anatero. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awa anagonera milungu iwiri yokha.

Tsopano apa amayi anzanga andimvetsa. Mwana ndinkamusiya ndi apongozi anga, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza. Mwanayo ankadya phala lake bwinobwino, wovutika ndinali ine. Dzuwa la Sepitembala likafika paliwombo, mabere ankalimba gwa ngati maungu, bulauzi n'kuyamba kujambula mapu a dziko. Kusunga mkakawo m'kutentha kumene kuja sikukanatheka. Apongozi anandilangiza ndili pakhomo, chisoti chili kale kumutu.

"Amake Yankho, mukafinya musamangotaya poyera. Nyerere zikaunyambita bere limauma. Muzikumba kadzenje, muzikwirira."

Ku koleji sitinaphunzire zimenezo. Koma ine ndine munthu woti ukangondiuza kuti china chake chingamuvute mwana, satifiketi ndimayamba ndaipinda n'kuiika m'thumba. Ndiye ndinayamba kufunafuna malo. Malo amthunzi, obisika, apafupi ndi madzi osamba m'manja.

Inu mwaona kale kumene ndikulowera. Ine sindinaone.

Masiku asanu ndi limodzi, nthawi yomweyomweyo, ndinkalowa m'bango muja chokwawa, n'kukhala pa muzu wa mkuyu, n'kudzifunditsa kumutu chitenje changa chamawangamawanga, n'kuyamba kudzikama m'kapu. Anamwino anandiuzapo kuti mkaka umatuluka msanga ukamaganiza za mwana, ndiye ndinkamuimbira Yankho kanyimbo kathu komugonekera. (Mawu anga, kuti mudziwe, ndi aja amene kukwaya anandipempha mwaulemu kuti ndizisunga mabuku.) Ndikamaliza ndinkagwada, kukumba ndi manja ngati mphaka, kuthira, kukwirira, kupondaponda, kenako n'kutulukira mbali ina nditaimirira bwinobwino, fomu m'manja, ngati munthu wophunzira.

Tsiku lochotsa makhadi m'makamera litafika, ndinazungulira wani, thu, fili. Nditafika pa folo ndinaima. Ndinayang'ana kamera. Ndinayang'ana kumene kamera ikuyang'ana. Ndinaona muzu uja, wosalala chifukwa chokhalapo ine, ndi timilu ta dothi tisanu ndi kamodzi, tondandalikana bwino ngati manda a mbewa.

Laputopu ndinakaitsegulira m'chigafa chopanda anthu. Ndinalimo. Ndikulowa chokwawa, ndilimo. Nditakhala chitenje chili kumutu ngati chulu chovala, ndilimo. Chitenje chitatsetsereka, maso nditatsinzina, pakamwa pali yasa ndi nyimbo, dzanja lili pa ntchito, ndilimo. Ndikukumba, kamera ili kumbuyo kwanga, ndilimo kwambiri. Ndipo pakati pa zithunzi zangazo, m'mamawa wa tsiku lachinayi, panali iye: katumbu, wonenepa, ndevu zikudontha madzi, akununkhiza kamulu kanga ka dothi ngati wapeza kalata yake. Mawa lake anabweranso, ndi mnzake.

Ndinalira ndi kuseka pakamodzi. Katumbu amene a Gondwe ankamulota uja anali pa khadi limodzi ndi mabere anga. Kutaya khadi kunali kutaya katumbu. Kufufuta zanga, manambala akanadumpha, chikhalirecho ndinali ndisanamalize miyezi yoyesedwa ntchito. Kulemba kuti ndine, ndiye kuti bambo a msinkhu wa atate anga atsegula kuti aone chimene ndinkachita pamenepo. Ndinayang'ana fomu nthawi yaitali, mpaka nzeru ya tsoka inandifikira. Kusukulu tinaphunzira kuti nyama zonse zaubweya, kuyambira mbewa mpaka mkango, gulu lake ndi nyama zoyamwitsa. Ndiye ndinalemba: Nyama yoyamwitsa. Imodzi. Yaikazi. Ikupuma pamthunzi, kenako ikukumba.

Ndiuzeni pamene ndinanama.

Fomuyo ndinaijambula n'kuitumiza pafoni. Zithunzi zinali zolemera, netiweki yathu sikanazisenza, ndiye zinkadikira kuti a Gondwe adzabwere okha. Ndinkaganiza kuti maso awo akangogwera pa mawu oti katumbu, zina zonse azilumpha. Mawa lake, nditangofika pamene pamagwira netiweki, foni inalira.

Pa esiteti paja netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha pafupi ndi mjigo, ndipo umayenera kulankhula mokuwa. Anthu amakwera mosinthana. Tsiku limenelo pansi pa chulu panali a Jailosi, tenanti wochokera ku Phalombe amenenso ndi wapampando wa komiti ya mtsinje, akudikira kuti ine nditsike iwo akwere.

"Amama, yewo chomene, katumbu tamupeza," anatero a Gondwe mwachimwemwe. "Koma iyi mwalemba kuti nyama yoyamwitsayi, ndi nyama yanji?"

"Sikuoneka bwinobwino, bwana."

"Masiku sikisi, nthawi imodzimodzi, masanasana. Ndi yaikulu bwanji?"

"Yaikulu ndithu. Ngati munthu wamkulu."

"Mtundu wake?"

"Yamawangamawanga."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi yaikazi?"

"Zikuonekeratu, bwana."

"Ili ndi mwana?"

"Mwana alipo, koma imamusiya kwina."

"Imayenda ndi miyendo ingati?"

"Polowa inayi. Potuluka iwiri."

"Amama, musapitenso kumeneko nokha. Ndibwera Lachisanu."

Nditatsika, a Jailosi sanakwerenso. Foni anali ataibweza kale m'thumba.

"Madamu, zimene mumanenazi ndi za kamera ya kumkuyu ija?"

"Musade nkhawa, a Jailosi. Siluma."

"Mwadziwa bwanji?"

Ndinasowa yankho. (Ndinali nditamusiya kunyumba ndi agogo ake.)

Kuno ku Kasungu nkhani ya chilombo si nthabwala. Tinakula tikumva za afisi ndi njovu zotuluka m'paki, ndipo munthu akati waona chinthu sumufunsa kawiri. Pofika madzulo nyama ija inali itamera mchira. Pofika mawa lake kunapezeka mboni. Mkulu wina anati iye anaimva ndi makutu ake ikulira m'bango masana, kulira kosakhala kwa fisi, kosakhala kwa mbuzi, kokhala ngati chinthu chikufuna kuimba koma chikumva kuwawa. (Izi zinandipweteka kuposa zonse.) Wina anakasuzumira timilu tija chapatali n'kubwerako ndi uthenga woti imakwirira mafupa a zimene yadya. Mbuzi ya munthu wina imene inasowa chaka chinacho anaiika pamutu panga.

Ndiye panachitika chodabwitsa. Inali nyengo yofesa nazale, ndipo ife tinali titachititsa misonkhano mpaka mawu kusasa, kupempha kuti mabedi awasunthire kumtunda, asiye mphepete mwa mtsinje. Anthu ankavomera ndi mutu, mawa n'kukalima pomwepo. Koma tsopano, masiku awiri okha, mabedi onse anasamukira kufupi ndi damu la esiteti. Palibe analowanso ndi chikwanje kukadula mtengo. Zimene satifiketi yanga inalephera, mabere anga anakwanitsa. Ndisabise, tsiku limenelo ndinabwerera pa boma ndikumwetulira m'chisoti.

Kumwetulirako kunatha Lachinayi m'mawa. Ndinapeza gulu la amuna pa mjigo, ali ndi mikondo, zibonga, agalu atatu owonda ndi bokosi la machesi. A Jailosi anandilonjera ndi ulemu wonse wa wapampando.

"Madamu, takambirana. Ana athu amadutsa kumeneko popita kusukulu. Tiotcha bango lonse kuyambira pamlatho mpaka kumkuyu, chituluke, tithane nacho."

"A Jailosi, m'bangomo muli mitengo yaing'ono ija. Munabzala ndi manja anu dzinja lapitali. Muli katumbu."

"Mtengo tibzala wina. Mwana sabzalidwa."

Nanenso ndikanalankhula chimodzimodzi. Bango linali louma, mphepo ikulowera kumtsinje. Ndodo imodzi ya machesi, thukuta la anthuwa la chaka chonse likanapita, ndi akatumbu awiri aja omwe, zonsezi chifukwa mayi wina akuchita manyazi ndi zimene mayi aliyense amachita. Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono ndikaonenso zithunzi. Kenako ndinathamangira kuseri kwa nyumba za matenanti, kumene a Esinati, akazi awo a Jailosi, ankasankha mtedza ndi amayi anzawo anayi.

A Esinati ndi mayi wa ana asanu ndi awiri, thupi ngati mtondo, mawu omveka tsidya la mtsinje. Ndinagwada n'kutsegula laputopu pamphasa.

"Amayi, ndabwera kudzakuonetsani chilombo. Koma mundisungire."

Anasendera pafupi, wina atagwira kale pamtima. Chithunzi choyamba, chinthu chamawangamawanga chikukwawa m'bango. "Mayo ine," anatero wina chapansipansi. Chachiwiri, chakhala pa muzu. Pa chachitatu a Esinati anaweramira pafupi, kuyang'ana mawanga a pachithunzi, kenako kuyang'ana chitenje chimene ndinamanga m'chiuno. Ndinadina chachinayi.

Sindinaonepo anthu akuluakulu akuseka popanda mawu ngati tsiku limenelo. Ankaopa kuti amuna amva, ndiye kuseka konse kunkatulukira m'maso ndi m'mapewa. Wina anagona chafufumimba pa mtedza. A Esinati analuma chitenje, misozi ili chuchuchu, n'kumandimenya pantchafu.

"Mwanawe, ndiye kulira kuja inali nyimbo?"

"Inali nyimbo, amayi."

"Mwanayo amagona nayo?"

"Amagona."

"Amakomoka ameneyo."

Atapezako mpweya anapukuta m'maso n'kufunsa za katumbu. Ndinawaonetsa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, osasekanso. Anati kwawo ali mtsikana ankamuona pokachapa, ndipo chibwerere kuno ku fodya sanaganizepo kuti adzamuonanso. Kenako anadzuka n'kumanga chitenje molimba.

"Tiyeni, amayi. Iwe ukhale kumbuyo, usatsegule pakamwa. Pakamwa pakopo ndi pamene panayambira zonsezi."

Anafika pa mjigo ali pa mzere ngati akupita kukalangiza namwali. A Esinati anangotambasula dzanja, amuna awo n'kuikamo machesi asanadziwe kuti achita chiyani.

"Chinthucho tachiona," anatero. "Ndi cha amayi."

"Cha amayi bwanji?"

"Mukufuna ndikufotokozereni pompano, pa anthu, bambo a Gifiti? Za amayi? Ndiyambe?"

A Jailosi anayang'ana anzawo. Anzawo anayang'ana agalu. Mwamuna wa kuno akhoza kulimbana ndi fisi, koma mawu oti za amayi amamubweza ngati waponda khala la moto.

"Ana sichiwagwira, chili ndi wake," anapitiriza a Esinati. "Chimangofuna mthunzi ndi bango lake. Koma mwamuna amene akalime kapena kudula mtengo pamenepo, ife tisadzamve kuti kunyumba kwake zinthu zafooka."

Palibe anafunsa kuti zinthu zanji. Mikondo inabwerera m'nyumba umodziumodzi, agalu n'kukagona pamthunzi.

A Gondwe anafika Lachisanu atanyamula chibuku cha nyama ndi kamera ina yapadera. Ndinayamba ndawaonetsa akatumbu. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvala, kuvulanso. Kenako anati, "Tsopano ija." Ine ndinatseka laputopu n'kusanjika manja pamwamba pake.

"Bwana, nyamayo ndi munthu."

Anatenga fomu n'kuiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Yoyamwitsa. Imodzi. Yaikazi. Ndinawaona akukumbukira zija za pafoni, chimodzichimodzi, mpaka pa miyendo. Anayang'ana chikwama changa, mmene kapu ija inkasuzumira. Anatembenuka, kuyenda mpaka kuseri kwa galimoto, ndipo kwa kanthawi ndinkangoona galimoto ikugwedezeka yokha. Pobwerako nkhope inali ya mu ofesi.

"Amama, kabuku kaja munawerenga?"

"Mbali ina, bwana."

"Tsamba lachisanu. Kamera ikajambula munthu timangolemba kuti munthu. Sitifunsa kuti ndani, sitifunsa kuti amatani. Amene watsegula khadi amazisunga payekha zithunzizo, wina aliyense saziona. Ngakhale ine."

Tsamba lachisanu. Ine ndinalekera pa lachinayi. Liwu limodzi, zilembo zisanu ndi chimodzi, esiteti yonse ikanakhala pa mtendere ndipo mbuzi ija ikanakhala mlandu wa wina.

Ntchito sinandithere. A Gondwe anakonza fomu ndi cholembera chawo, n'kunena kuti kuyambira pamenepo masana ndizipita kunyumba kwa a Esinati, kumene kuli chitseko. Mu lipoti analemba kuti alimi asunthira nazale kumtunda atamvetsa kufunika kwa mtsinje. Polemba mawu amenewa sanandiyang'ane, nanenso ndinapeza chochita ndi zingwe za nsapato.

Apongozi anga anamva, sindikudziwa kudzera kuti. Nkhani za amayi zili ndi netiweki yakeyake yosafuna chulu. Anangondifunsa tsiku lina tikutsuka mbale, maso ali pa poto: "Koma munkakwirira bwinobwino?" Nditati eya, anati, "Basi, palibe mlandu."

Lero bango lija latalika kundipitirira, katope wafika m'mapewa, ndipo dziwe la pamkuyu silinaphwe chilimwe chathachi. Kamera folo yajambula akatumbu anayi, awiri mwa iwo aang'ono, akutsetsereka pa matope ngati ana otuluka kusukulu. Amayi amachapa chakumunsi, ndipo akandiona ndikubwera amayamba kuimba kanyimbo kanga kaja chapansipansi, mmene ndimakaimbira ine ndendende. Amuna sanalimenso m'mphepete. A Jailosi akamadutsa pa mkuyu amavula chipewa.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi. Anthu aja ndimawalemekeza, ndipo kampani inandilemba ntchito kuti ndiziwauza zoona za mtsinje wawo, osati kuwaweta ndi mantha. Kangapo konse ndakonzeka kuti pa msonkhano wa komiti ndiimirire ndinene. Koma ndikangosuntha pa benchi, a Esinati amandiyang'ana n'kugwedeza bokosi la machesi lija, limene amasungabe pa mfundo ya chitenje, ine n'kukhalanso pansi. Ndiye sabata yatha bambo a Yankho, mphunzitsi wathunthu wa sayansi, anandigwira dzanja ndikukwera njinga, nkhope ili ndi nkhawa, n'kunena kuti amva kwa mnzawo za chinthu cha kumkuyu, ndiwalonjeze kuti ndizisamala. Ndinalonjeza. Ndinawauzanso kuti chikadzaonekanso iwo adzakhala oyamba kudziwa, ndipo apanso sindinaname, poti chilombo chimenechi sichingabwerere iwo osatengapo mbali.

Amene mumawadziwa bambowa, chonde, izi ndi za amayi. Koma inu nonse mundiweruze, pakuti ine ndekha zandikanika: ndinachita bwino kuchisiya chilombo ndi moyo kuti mtsinje upume, kapena ndikwere pachulu paja, pamene mawu amamveka bwino, ndikuwe kuti ndinali ine?